Zolemba za ntchito ya nthano ku Mtendere, chaka cha 2024

Ndine mlembi wa kagulu kakang'ono ka zisudzo ku Mtendere, ndipo poti mlembi ndiye amagwira cholembera, malipoti opita kwa otithandiza ndi ndalama adagwera ine. Ntchito yake ndi iyi: agogo ochokera ku Katete, Chadiza, Chipata ndi Petauke, amene akalambira muno mu Lusaka, azifotokozera ana nthano, ife tizijambula mawu awo, kenako anawo azisandutse nthanozo masewero. Thandizolo ndi la chaka chimodzi. Zili m'munsizi ndazitola m'kope langa la ntchito, ndangochotsamo mayina.

Januwale

Ntchito sinayambe. Kolera wavuta mumzinda muno, odwala akugonekedwa ku National Heroes Stadium, ndipo sukulu zomwe zimayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale azikankhira pa 29. Palibe kholo lingalole mwana wake kukaunjikana ndi anzake nthawi ino, ifenso sitingayerekeze kupempha.

Poti manja ali chabe, ndakhala ndikuwerenganso pangano lathu tsamba ndi tsamba. Kumapeto kwake kuli tebulo lija amalitcha logframe. Tidalidzaza usiku wa tsiku lotsekera, tulo tili m'maso, ndipo lero ndi pomwe ndikuona bwino zimene tidalonjeza: ana 300, nthano 40 zojambulidwa, masewero 6. M'bokosi lofunsa chimene chidzasinthe tidalembamo kuti ana adzakonda chikhalidwe chawo. Ndaseka ndekha. Chikondi chimenecho ndidzachiika pa sikelo yanji?

Ndawaimbira amayi amene amayang'anira thandizo lathu ku ofesi ya otipatsa ndalama. Andimasulira mawu awiri omwe fomu yawo imabwerezabwereza, output ndi outcome. Loyambalo ndi zimene manja athu agwira: misonkhano ingati, ana angati, nthano zingati. Lachiwirilo ndi chimene chatsala mwa munthu ife titalongedza ng'oma n'kumapita. Ine ndazimva chonchi: mizere yomwe waunga ndi mbewu yomwe wabzala ndi nkhani ina, chimanga cholowa m'nkhokwe ndi nkhani inanso. Ife tidalonjeza mizere yokhayokha.

Febuluwale

Sukulu azikankhanso, zatsegulidwa pa 12. Ife tayamba Loweruka lotsatira, m'holo ya tchalitchi china yomwe tikubwereka.

Tisanaitane ana tinakhala pansi ndi agogo athu 6. Ndinawafunsa kuti mwana wodziwa nthano amamuzindikira bwanji. Agogo aakazi a ku Chadiza, omwe sachedwa kuyankha, anati: "Mwana wanga, zimenezo n'zosavuta. Aiyambe yekha, ikafika pa nyimbo aimbe anzake avomere, aitsirize anzakewo asanayambe kutsinana." Ndinalemba momwemo. Kuyamba, kuimba, kutsiriza. Muyeso wathu wa chaka chonse ndi umenewo, ndipo ndikuukhulupirira kuposa uliwonse umene ndikanautola m'mafomu, chifukwa eni nthano ndiwo aupanga.

Ndiye tinayesa ana tisanawaphunzitse kanthu, kuti tidzakhale ndi poyerekezera. A m'maofesi amati baseline, ndipo ukaiphonya pachiyambi sungadzaipange pambuyo pake pokhapokha utanama. Agogo aja anakhala pampando wapulasitiki, chitenje chili m'mapewa, nati mokweza: "Padangotero!" Holo yonse zii. Kamnyamata kena kakutsogolo kanacheukira anzake, kuyesa kuti agogo afunsa funso la m'kalasi. Anabwerezanso. Mtsikana mmodzi yekha, amene adabwera kuchokera kumudzi chaka chatha, ndiye anayankha chapansipansi kuti "Tili tonse," kenako n'kubisa nkhope m'manja.

Tinawamvetsera mmodzimmodzi kwa Maloweruka awiri. Pa ana 52 amene analembetsa, 4 okha ndiwo anakwanitsa zitatu zija. Ambiri amamudziwa kalulu kuti ndi wochenjera, koma nthano imawathera pakati, ndipo nyimbo palibiretu. Tinawafunsanso mawu a m'nthano: mtondo, munsi, lichero, mphale, gaga, nkhokwe. Wina anati nkhokwe ndi nkhuku yaikulu. Sindimuseka mwanayo. Ufa iye amaudziwa m'kapepala ka pamela ka pa kantemba, nkhokwe akanaionera kuti? Ndakumbutsanso anzanga kuti Chinyanja cha ana a m'komboni, chosakaniza Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, si matenda oti tiwachize. Tikuyesa nthano, osati kalankhulidwe.

Pa 29, Pulezidenti Hakainde Hichilema walengeza kuti chilala cha chaka chino ndi tsoka la dziko lonse. Abale athu kumudzi mizere adaunga, mbewu adabzala. Fanizo langa la mwezi watha landiwawa.

Malichi

Mwezi wa mapepala. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti kholo kapena wosunga mwana avomereze tisanasunge dzina, chithunzi kapena mawu a mwanayo. Fomu yomwe adatitumizira inali ya Chingerezi, masamba atatu, yofunsa ndi nambala ya NRC yomwe, chitupa cha unzika chija timachitcha reji. Makolo anaibweza. Bambo wina anandipeza pakhomo pa holo: "Alongo, reji yanga mukuifuniranji pa nkhani ya kalulu? Zamtunduwu ndi zomwe zimalowetsa anthu m'zinthu zosadziwika." Sindinawatsutse. Taimasulira m'Chinyanja, yatsala tsamba limodzi, nambala ya NRC tachotsa, ndipo tagawa mafunso patatu: mwana abwere, mwana ajambulidwe mawu, mwana ajambulidwe chithunzi. Ambiri avomera ziwiri zoyambazo, chachitatu ayi.

Magetsi ayamba kuzima maola 8 patsiku. Ndinali nditakonza kaundula pa KoboToolbox, pulogalamu yolembera mafomu pafoni, poti imagwira ntchito popanda intaneti, koma foni yopanda moto ndi mwala basi. Tabwerera ku kope lachikuto cholimba. Mwana aliyense ali ndi nambala yake ndi mzere wake, Loweruka lililonse ndi chonga chimodzi. Ndimazilowetsa m'kompyuta magetsi akabwera, nthawi zina pakati pa usiku.

Epulo

Lipoti loyamba la miyezi itatu, ndi mkangano wathu woyamba.

Fomu ikufunsa kuti tafikira ana angati. Ndikawerenga zonga zonse m'kope zikukwana 318. Ndikawerenga mizere, kutanthauza ana enieni okhala ndi mphuno ndi dzina, ndi 61. Mwana amene wabwera Maloweruka 7 ndi mwana mmodzi, sanabadwe kasanu ndi kawiri. A tcheya athu anafuna 318, poti ikupitirira 300 ija tidalonjeza.

"A mlembi," anatero, "ndalama zimatsata nambala yaikulu. Magulu onse amalemba choncho. Ife tikhale oyera tokha, tigone ndi njala?"

Sali olakwa pa zonse. Ndawaonapo malipoti otero, ndipo ena amapatsidwanso ndalama. Koma ndinawafunsa kuti mu Novembala, akadzatifunsa kuti pa ana 318 aja angati akudziwa nthano, tidzawatenga kuti? Nambala yotupa lero ndi ngongole ya mawa. Tinamangana mpaka dzuwa kupendeka, kenako tinagwirizana kulemba zonse ziwiri, iliyonse ndi dzina lake: ana 61, kubwera kwawo konse 318. Pansi pake ndinawonjezera kuti 300 sitidzaifika, poti tidataya masabata ambiri ndi kolera, komanso agogo mmodzi sangafotokoze nthano kwa khamu ngati msonkhano wa chipani. Nthano imafuna kagulu komwe aliyense akuona pakamwa pa wofotokoza.

Ndinatumiza mtima uli m'mwamba. Yankho linabwera patapita masiku asanu: tilembe kalata yopempha kusintha chiwerengerocho, asayine, ikhale mbali ya pangano. Basi. Chomwe chimawakwiyitsa, anatero amayi aja, ndi kumva zoterezi mwezi womaliza.

Za ndalama zinanditayitsa nthawi kuposa za ana. Amatipatsa m'madola, timagula m'makwacha. Kuchiyambi kwa Febuluwale dola imodzi inafika cha m'ma K27, kumapeto kwa mweziwo kwacha inapezako mphamvu, kenako yayambanso kutsika. Tagwirizana kuwerengera pa mtengo wa tsiku limene banki inasintha ndalamazo, osati wa tsiku lolemba lipoti. Malisiti nawo ndi mutu wina. Kondakitala wa minibasi sapereka lisiti, amayi a vitumbuwa pamsika chimodzimodzi. Tsopano tili ndi kapepala kathu kosayinitsa, ndipo pomwe zingatheke timalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo n'kusunga uthenga wake.

Meyi ndi Juni

Tajambula nthano 17. Kuzizira kwayamba, agogo akubwera mochedwa.

Chachikulu m'miyezi iwiriyi ndi chimene sitinajambule. Agogo ena a ku Katete, omwe kumudzi adali anamkungwi, tsiku lina atamaliza nthano ya kamba anayamba kung'ung'udza nyimbo ina yokoma kwambiri. Mnzanga wa zojambula anasendeza maikolofoni. Agogo anaika dzanja pamwamba pake, osakwiya, nati: "Iyi ayi, mdzukulu wanga. Iyi ndi ya kutsimba. Ili ndi eni ake ndi nthawi yake." Anazimitsa.

Sabata yomweyo munthu wa zofalitsa nkhani ku ofesi ya otithandiza anapempha chithunzi cha ana atavala zigoba za gule, ati chingakome pa lipoti lawo la pachaka. Amadziwa kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, wa ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo sankaganiza zoipa. Koma ulemu wa UNESCO sunatsegule dambwe kwa aliyense. Tinakana, tinafotokoza chifukwa, anamva.

Apa ndipomwe ndaona kuti nambala ikhoza kukukankhira ku mwano. Ndikanakhala kuti ndikungothamangitsa 40 ija, ndikanawanyengerera agogo aja mpaka ataimba. M'kope ndatsegula tsamba latsopano la zimene eni ake anati zisajambulidwe. Ndimalemba tsiku ndi mtundu wa chinthucho, mawu ake ayi. Pafomu palibe bokosi lake, ndiye ndaziika m'ndime yofotokozera. Kwa ine, agogo kukhala omasuka kutiuza kuti ayi n'kubweranso sabata yotsatira ndi umboni woti ntchito ikuyenda bwino.

Julayi

Ndazindikira chinthu chosasangalatsa. Loweruka lokhala ndi maheu ndi vitumbuwa holo imadzaza, lopanda kanthu imakhala theka. Ndinaika chizindikiro m'kope pa masiku a chakudya, ndipo sizifuna katswiri kuti aone. Chaka cha njala chino, ufa wakwera, mwana kutsata kapu ya maheu si tchimo. Koma zikutanthauza kuti kuchuluka kwa obwera sikunena zambiri za nthano. Ndazilemba mu lipoti lachiwiri monga zilili.

Enanso asiya. Ena akuthandiza amayi awo kugulitsa, ena amakhala pa mzere wa madzi m'mawa wonse, poti magetsi akazima mipopi nayo imauma. Ndayamba kulemba chifukwa pambali pa dzina la aliyense wosiya. Ndikadzangoyesa otsala okha kumapeto, zidzaoneka zokoma kuposa momwe zilili, pakuti otsalawo ndi omwe adali nazo kale chidwi, kapena omwe kwawo kuli kopepukirako. Chikomekome cha mkuyu.

Ogasiti

Agogo atatu apita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi, womwe umachitika chakumapeto kwa Ogasiti. Tidaiwala kuuika pa ndondomeko ya chaka, ife Achewa enieni. Masabata awiri apita.

Tachita masewero awiri pabwalo la pafupi ndi msika. Kuwerenga oonerera pamalo otere n'kovuta, anthu amaima, amaseka, amapitiriza ulendo ndi tomato wawo. Tinaika anthu awiri kuwerenga aliyense payekha katatu: poyamba, pakati, pomaliza. Timalemba ya pakati, ndipo awiriwo akasiyana timatenga yaing'ono.

Tinayesanso nzeru ina yomwe inatigwetsa. Tinaika zitini zitatu ndi zitsekerero za mabotolo kuti munthu aponye m'chitini cha "ndasangalala", "pang'ono" kapena "ayi". Pafupifupi zonse zinagwera m'choyamba. Ndani angaponye mu "ayi" ana a mnansi wake ali chilili pomwepo akumuyang'ana? Ulemu wathu ndiwo unavota. Pa sewero lachiwiri tinasintha funso, tinkafunsa akuluakulu kuti nthanoyi adaimvapo kale, ndipo adaimva kwa yani. Pamenepo anthu anamasuka. Bambo wina wa wilibala anaima mphindi khumi kutitsutsa kuti kwawo ku Petauke nthanoyo siithera choncho, fisi safa. Tamuitana adzafotokoze yakeyo.

Sepitembala

Magetsi tsopano tikuwaona maola atatu patsiku, masiku ena osawaona n'komwe. Madzi ku Kariba, komwe amapangira magetsi, atsika kwambiri.

Amayi a ku ofesi aja anatilangiza njira yotchedwa Most Significant Change, yomwe Rick Davies adaiyambitsa ku Bangladesh m'zaka za m'ma 1990. Sivuta: umafunsa anthu kuti chachikulu chimene chasintha n'chiyani, umalemba nkhani zawo, kenako gulu limakhala pansi kusankha imodzi n'kunena chifukwa chake. Phindu lake lili pa kukangana posankhapo, chifukwa m'pomwe umamva chimene aliyense amachiyesa chofunika.

Tinatola nkhani 11 kwa makolo. A tcheya anakonda ya mnyamata amene aphunzitsi ake akuti wayamba kukweza dzanja m'kalasi. Agogo anasankha ina. Mayi wina anati usiku wina magetsi atazima, mwana wake wamkazi anasonkhanitsa azing'ono ake pakhonde n'kuyamba nthano. Itafika pa nyimbo anaiwala mzere wachiwiri. Bambo ake, omwe ankamanga nsapato kuti azipita ku ntchito yaulonda, anaimaliza ali chiweramire. Mayiyo akuti pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanawamvepo akuimba.

Ndinailemba nkhaniyo, kenako ndinakhala nayo tsiku lonse. Kodi ndi ife tachita zimenezi? Nyimbo ija bamboyo adali nayo kale, adaitenga kwa amayi ake. Khonde lija adawakhazikapo ndi mdima, poti TV yazima ndipo mafoni alibe moto. Chilala chomwe chatisowetsa ufa ndi chomwenso chabweza mabanja pakhonde madzulo. Ife tangopereka mzere woyamba. Mu lipoti ndalemba kuti tathandizirako, sindinalembe kuti tachititsa. A tcheya akuti ndimadzichepetsa mopitirira. Mwina. Koma magetsi akadzabwerera n'kupezeka kuti nthano zazimanso, ndikufuna lipoti lathu lidzakhale litanena kale.

Okutobala

Agogo a ku Chadiza, omwe adatipatsa muyeso wathu, atisiya pa 9. Tinakagona kumaliro. Tili ndi nthano zawo 7.

Novembala

Kuyesa komaliza. Sindinafune kuti woyesa akhale ine kapena aliyense wa gulu lathu, poti timawakonda anawa ndipo khutu lokonda limamva nyimbo pomwe palibe. Tinapempha aphunzitsi ena opuma pantchito, omwe sanabwerepo ku holo, tinawapatsa zitatu zija: kuyamba, kuimba, kutsiriza. Mwana amasankha yekha nthano.

Pa ana 52 a mu Febuluwale, atsala 31. Mwa iwo 19 akwanitsa. Tinayenda m'makomo kufunafuna osiya, tinapeza 9, ndipo 2 mwa iwo akwanitsanso. Otsalawo ena adasamuka, ena sitinawapeze. Ana amene adalowa pakati pa chaka sindinawaphatikize pano, poti sitidawayese pachiyambi.

Ndiye nambala yake ndi iti? 19 pa 31 ikukoma m'maso. 21 pa 52 ndiyo ikuyankha funso lomwe tidafunsa mu Febuluwale, pomwe adali 4 pa 52. Ndaika zonse ziwiri, yachiwiriyo patsogolo, ndi mzere wonena kuti 12 sitinawayese.

Kamnyamata kaja kanacheukira anzake tsiku loyamba kali m'gulu la 19. Kanafotokoza ya kalulu ndi chitsime m'Chinyanja cha m'tauni chokhachokha, njovu ikulankhula ngati kondakitala wa basi ya ku Kulima Tower. Aphunzitsi anandiyang'ana, cholembera chili m'mwamba, kufunsa ngati zimenezi zikuloledwa. Kanayamba kokha, kanaimba anzake n'kuvomera, kanatsiriza popanda wotsinana. Anachonga.

Disembala

Lipoti lomaliza lapita pa 13. Ana onse amene anabwerapo chaka chino ndi 88. Nthano zojambulidwa 29, osati 40. Masewero 4, osati 6. Pa chilichonse ndalemba chifukwa chake m'mizere iwiri, osadandaula. Ndalama zotsala pa mzere wa masewero tapempha kuti tigulire timakadi ta memory, ndipo avomera.

Loweruka lapitali tinawerengera makolo ndi agogo lipotilo m'Chinyanja, m'holo momwemo. Ndinkaopa kuti manambala awatopetsa, koma pa 21 pa 52 paja anafunsa mafunso kuposa a ku ofesi. Mayi wina anafuna kudziwa ngati mwana wake ali mwa 12 osayesedwa, ndipo ngati angayesedwe tsopano. Agogo a ku Katete anafunsa kuti mawu awo ali kuti, ndipo ndani angawamvetsere iwo kulibe. Pangano lathu ndi otithandiza silinanene bwino za mwini wa zojambulazo. Tagwirizana kuti agogo aliyense alandire kadi ya nthano zake, ndipo palibe choika pa Facebook kapena pa wailesi popanda kufunsa mwini wake kapena banja lake. Ndalembera ku ofesi kuti zimenezi zilowe m'pangano ngati angatipatsenso chaka china. Yankho la chaka chinacho akuti lidzabwera mu Febuluwale.

Zotsala sabata ino: kukopera makadi 6, kubweza makiyi a holo, kukayesa mwana wa mayi uja Lachinayi. Kadi ya agogo a ku Chadiza ndikapereka ndekha kwa mwana wawo wamkulu ku Kalingalinga, adapempha kuti ikhale isanafike Khirisimasi poti abale adzasonkhana.